Funsani Mayi: Ndilembe chiyani za agogo anga?

Mwezi uno ndalandira makalata atatu amene akuzungulira nkhani imodzi, ngakhale olembawo sadziwana. Onse aferedwa mayi wachikulire amene moyo wake unathera pa banja ndi pa mpingo, ndipo aliyense wakakamira penapake pofuna kumukumbukira. Ndawaika pamodzi. Monga mwa nthawi zonse, mayina ndawabisa ndipo makalata ndawafupikitsa.

Mayi,

Agogo anga aakazi, amayi awo a mayi anga, anatisiya miyezi 11 yapitayo ali ndi zaka pafupifupi 87. Ndi amene anandilera kuyambira ndili ndi zaka zinayi, mayi anga atamwalira. Mwezi wamawa banja lakonza mapemphero owakumbukira kutchalitchi kwawo, ndipo amalume andiuza kuti ineyo ndilembe mbiri yawo n'kukaiwerenga, poti ndine amene ndinapita patali ndi sukulu. Andipatsa mphindi zisanu.

Ndakhala pansi katatu. Ulendo uliwonse ndimalemba kuti anali mayi wachikondi, woopa Mulungu, wokonda ana, wosadziwa kukana munthu, kenako cholembera chimaima. Ndikawerenga ndimaona ngati ndalemba za munthu wina aliyense. Agogo sanagwirepo ntchito ya muofesi, sanakhalepo pa udindo waukulu, ndipo ngakhale chaka chimene anabadwa tikukangana nacho. Chimene ankachita ndi kusesa m'tchalitchi Loweruka, kusoka, kuyendera odwala ndi kutilera ife. Kodi zimenezi n'zokwana kuima nazo pamaso pa mpingo? Chinanso, agogo anali aukali ndithu, ndipo tonse tikudziwa. Ndinene kapena ndibise?

*Mdzukulu wosowa poyambira*

Mwana wanga, pepani kwambiri. Munthu amene anakutengani muli ndi zaka zinayi n'kukulerani mpaka mwakula sitingangomutcha agogo. Mwaferedwa mayi kachiwiri, ndiye musadabwe kuti cholembera chikulemera m'manja.

Vuto lanu ndikulidziwa chifukwa linandigwetsapo. Mbiri yoyamba imene ndinalemba inali ya amayi anga ondibala. Nthawi imeneyo ndinali mphunzitsi, ndipo abale anandisankha pa chifukwa chomwecho chimene amalume anu akusankhirani. Ndinadzaza masamba awiri. Mawu onse amene mwatchula m'kalata yanu analimo: achikondi, odzichepetsa, oopa Mulungu, mzati wa banja. Ndinawerenga osaphonya ngakhale liwu limodzi, mpingo n'kuvomera kuti ameni. Tikutuluka, agogo ena oyendera ndodo, amene anakhala benchi limodzi ndi amayi kwa zaka zambirimbiri, anandigwira pamkono. Anati, "Mwawerenga bwino, mwana wanga. Nanga nyali ija mwaisiya kuti?"

Ndinangoti kakasi. Amayi anali ndi kanyali ka parafini, galasi lake long'aluka, lomangidwa ndi kawaya kuti lisagwe. Kankapachikidwa pamsomali kuseri kwa chitseko. Munthu akadwala mpaka abale ake kuyamba kuopa kukhala naye okha, ankatuma mwana kudzagogoda kwathu, kaya ndi pakati pa usiku. Amayi sankafunsa kuti wodwalayo ndi wa mpingo uti. Ankavala juzi, kuyatsa kanyali, ulendo. Kumeneko ankakhala pansi pambali pa wodwala mpaka kucha, kumunyowetsa milomo ndi kansalu, kumutembenuza kuti asachite zilonda, kumuimbira chapansipansi. Ife ana tikadzuka m'mawa n'kuona msomali uli wokha, tinkadziwa kuti kwinakwake kuli matenda, basi n'kumakonzekera za kusukulu. Ndinakula ndikuziona mpaka maso anazolowera, moti tsiku lolemba mbiri sizinandibwerere n'komwe m'mutu. Agogo a ndodo aja anandiuza kuti amuna awo anatsirizikira m'manja mwa amayi, kanyali kaja kali pompo. Iwo anabwera kutchalitchi kudzamva zimenezo, ine n'kuwapatsa mawu amene akanakwana pa maliro a mayi wina aliyense. Papita zaka zambiri koma zimandiwawabe.

Ndiye pa funso lanu loti kusesa, kusoka, kuyendera odwala ndi kulera n'zokwana kuima nazo pamaso pa mpingo, ine ndikuti mbiri ya agogo anu ndi imeneyo. Mwailemba kale m'kalata yanu, m'chiganizo chimene inu mukuchiona ngati chopepuka. Chatsala n'chakuti muyandikire pafupi.

Tsegulani Machitidwe a Atumwi 9:36-42. Ku Yopa, mzinda wa m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean umene lero umatchedwa Jaffa, kunali mayi wina dzina lake Tabita, pa Chigiriki Dorika. Atamwalira, ophunzira anatuma anthu awiri kukaitana Petro amene anali ku Luda, pafupi pomwepo. Petro atalowa m'chipinda chapamwamba mmene anagoneka mtembo, akazi amasiye anamuzungulira akulira. Taonani zimene anachita. Luka, mlembi wa bukuli, sanalembe mawu alionse otamanda malemu amene iwo analankhula. Analemba kuti anamuonetsa Petro malaya ndi zovala zimene Dorika anasoka ali moyo. Ine ndikamawerenga pamenepa ndimawaona m'maganizo, aliyense atagwira mpendero wa chovala chake, akuti taonani msoko uwu. M'Chipangano Chatsopano chonse, liwu lachikazi la Chigiriki lotanthauza wophunzira limapezeka kamodzi kokha, ndipo linagwiritsidwa ntchito pa Tabita. Baibulo silitiuza za ulaliki wake kapena mpando umene anakhalapo. Limatiuza za ntchito ya singano.

Ndikudziwanso kuti pa mapemphero anuwo wina adzawerenga Miyambo 31:10-31, poti ndime imeneyo siphonya pa zochitika zotere. Mukamamvetsera tsikulo tcherani khutu. Ndi ndakatulo ya mavesi 22, lililonse loyamba ndi chilembo chake cha alifabeti ya Chiheberi motsatana, ndipo yadzaza ndi zinthu zogwirika: ubweya, munda, zovala za a m'nyumba mwake, dzanja lotambasulira wosauka, nyali yosazima usiku. Vesi lomaliza likuti ntchito zake ndizo zimutamande. Nayenso Debora, mlezi wa Rebeka, sanali mfumukazi kapena mneneri, ntchito yake inali yolera basi, koma Genesis 35:8 inasunga malo amene anaikidwa, patsinde pa mtengo wathundu kunsi kwa Beteli, ndipo mtengowo anaupatsa dzina lotanthauza mtengo wa kulira. Za mphindi zisanu musadandaule nazo. Mayi wina dzina lake Ana, mwana wa Fanueli wa fuko la Aseri, anapatsidwa mavesi atatu okha pa Luka 2:36-38, koma mmenemo muli zaka 7 za ukwati wake, umasiye wake, zaka 84, ndi malo amene ankapezeka usana ndi usiku.

Sabata ino siyani kaye pepala. Mutu umodzi susenza denga, ndipo agogo sanali anu nokha. Pitani kwa anthu amene anakhala nawo inu musanabadwe: anzawo a m'gulu la amayi, mng'ono wawo ngati alipo, wosunga makiyi a tchalitchi, anansi akale. Musawafunse kuti agogo anali munthu wotani, chifukwa akuyankhani ndi mawu omwe aja akukutopetsaniwa. Afunseni zinthu zimene diso linaona. Munakumana nawo koyamba kuti? Ankakhala benchi liti, pafupi ndi ndani? Posesa ankayambira kuguwa kapena kukhomo? Anawaphunzitsa kusoka ndani, nanga chovala chomaliza anasokera ndani? Ndi liti pamene munawaona atakwiya kwambiri, nanga ataseka mpaka kutuluka misozi? Akamapemphera ankayamba ndi mawu ati? Pemphani chilolezo, ikani foni pansi izijambula mawu, inu muzingomvetsera. Akuluakulu sayamba ndi nkhani yeniyeni, amayamba azungulira kaye, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Kawirikawiri chimene mukufunacho chimatuluka mutaimirira kale kuti muzipita, choncho musafulumire kuzimitsa foniyo.

Mukatero dzifunseni nokha. Usiku woyamba mutafika kwa agogo, mayi anu ataikidwa, anakugonekani pati? Iwowo anali atangoika mwana wawo m'manda, koma m'mawa mwake anadzuka kukusambitsani. Anakuuzani chiyani mutafunsa kuti amayi abwera liti? Zimenezo palibe wina angazinene kupatula inu, ndipo ndikuganiza kuti n'chifukwa chenicheni chimene ntchitoyi yagwera inu, ngakhale amalume akuti n'chifukwa cha sukulu.

Za chaka chobadwa musakangane mpaka kudana. Pitani ku ofesi ya mpingo mukapemphe kuona kaundula wa ubatizo ndi wa maukwati. Mipingo yambiri imasunga mabuku amenewa, ndipo ngakhale chaka chobadwa chisapezeke, tsiku la ukwati kapena lolowa mpingo limatha kupezeka. Yang'ananinso chiphaso chawo, makadi a kuchipatala ndi masamba oyambirira a Baibulo lawo. Mukapeza zaka ziwiri zosiyana, nenani poyera kuti anabadwa cha m'chaka chakuti. Musapeke tsiku pofuna kuti pepala lioneke lodzaza, chifukwa chimene mudzawerenge tsikulo adzukulu anu adzachikopera ngati choonadi.

Tsopano za ukali. Apa anthu amalakwitsa mbali zonse ziwiri. Ena amabisiratu, n'kumati malemu anali ofatsa ngati nkhosa, mpingo wonse n'kumayang'anana chifukwa aliyense mmenemo anakalipiridwapo. Ena amasandutsa guwa bwalo la milandu, kubwezera munthu amene sangathenso kuyankha.

Ndikuuzeni za mwana wina wa muno mu Africa amene analemba za mayi ake zaka zoposa 1,600 zapitazo. Augustine, amene pambuyo pake anadzakhala bishopu wa ku Hippo, anabadwa m'chaka cha 354 ku Thagaste, dera limene lero lili m'dziko la Algeria. Mayi ake, Monica, anamupempherera ndi misozi zaka zambiri iye akuyenda njira zake. Tsiku lina Augustine anawanamiza mayi akewo padoko la Carthage, n'kukwera chombo usiku kupita ku Rome, iwo atatsala akupemphera. Monica anamulondola kutsidya la nyanja mpaka ku Milan, kumene Augustine anabatizidwa ndi bishopu Ambrose pa Pasaka wa chaka cha 387. Chaka chomwecho Monica anamwalira ku Ostia akudikira ulendo wobwerera kwawo, m'chaka cha 56 cha moyo wawo. Augustine polemba za iwo anawatamanda ndi mtima wonse, koma sanabise kuti ali mtsikana, makolo akawatuma kukatunga vinyo mosungira, anayamba kulawa pang'onopang'ono mpaka chinasanduka chizolowezi, ndipo anasiya tsiku limene mtsikana wantchito, atakangana nawo, anawanena kuti chidakwa. Nkhaniyi anamuuza ndi mayi akewo. Sinawachotsere ulemu ngakhale pang'ono. Mpaka lero akhristu amatcha ana awo aakazi dzina la Monica, ndipo ine ndimakhulupirira kuti n'chifukwa chakuti mwana wawo anatisiyira munthu weniweni, wokhala ndi pofooka pake, amene Mulungu anagwira naye ntchito.

Ndiye ukali wa agogo unenedwe, koma ndi nkhani imodzi imene banja lonse lingaimve osapwetekeka, ndiponso imene ikuonetsa chimene ukaliwo unkateteza. Ngati anakubwezanipo pakhomo la tchalitchi chifukwa nsapato zinali zafumbi pamene iwo anasesa dzulo lake, nenani. Anthu adzaseka, ena adzapukuta misozi, chifukwa adzawazindikira kuti eya, ndi iwowo amenewo. Koma ngati pali bala lenileni, munthu amene mawu a agogo anamulasa ndipo sanapole, zimenezo si za paguwa, n'za m'nyumba. N'chifukwa chake musanakwere kutsogolo muwawerengere kaye amalume ndi amayi anu aang'ono, ndipo wina akati apa ayi, mumumvere.

Mwa kuyesa kwanga, mphindi zisanu ndi tsamba limodzi ndi theka la zolemba pamanja. Mayina a makolo awo, ukwati, ana ndi adzukulu zitenge ndime imodzi yokha, koma musadumphe dzina la mwana aliyense, ngakhale amene anamwalira ali khanda, chifukwa agogo sanamuiwale. Dzina la mayi anu likhalemo, ndipo mulitchule mosathamanga. Kotsalako ikani nkhani ziwiri, zikachuluka zitatu. Ngati chilipo chovala chimene anasoka, chinyamuleni muchionetse monga anachitira amasiye a ku Yopa. Werengani mokweza kunyumba kangapo mpaka mudziwe pamene pakhosi pamatseka, pamenepo muike kachizindikiro kuti mukafikapo mupume. Pemphani msuweni wanu aime pafupi ndi pepala lina lofanana, kuti misozi ikakupambanani apitirize ndi iye. Mpingo udzadikira.

Mayi,

Ndine bambo wa zaka 54. Amayi anamwalira chaka chatha. Pa maliro awo tchalitchi chinadzaza mpaka anthu kukhala panja, ndipo aliyense woimirira ankati anali mayi wa mpingo wonse. Ine ndinakhala pamenepo mtima ukuwira. Mayi wa mpingo wonse, inde, nanga ife ana awo tinkawaona liti? Lachiwiri kwaya, Lachinayi msonkhano wa amayi, Loweruka kuyendera odwala, Lamlungu tsiku lonse. Nditagonekedwa m'chipatala ndili ndi zaka 12, anabwera tsiku lachitatu chifukwa anali ku msonkhano waukulu wa mpingo. Amene anandidikirira anali achemwali anga. Tsopano achemwali omwewo akufuna kuti ndidzalankhule m'malo mwa ana pa mapemphero a chikumbutso. Sindikufuna kunama m'nyumba ya Mulungu, komanso sindikufuna kuchititsa manyazi malemu. Kodi ndikuchimwa pomva chonchi?

*Mwana wachiwiri*

Bambo, ine sindikuonapo tchimo pa zimene mukumvazi. Mnyamata wa zaka 12 amene anagona masiku awiri akuyang'ana khomo la wodi sananame, ndipo akadali mkati mwanu.

Ndinene mosapsatira, poti ine ndemwe ndine mayi wa mumpingo. Zimene mukunenazi zimachitika, ndipo ife amayi sitikonda kuzimva. Kumpingo munthu amakuthokoza, dzina lako limatchulidwa kutsogolo, anzako amakusowa ukajomba. Kunyumba ntchito yomweyo palibe amaiona. N'zosavuta kuti mtima upendekere kumene kuli kuthokoza, n'kumadziuza kuti zonse n'za Mulungu. Koma Yesu mwini anadzudzula Afarisi pa Marko 7:9-13 chifukwa ankalola munthu kunena kuti chuma chake ndi Korban, ndiye kuti choperekedwa kwa Mulungu, kuti asathandize nacho makolo ake. Paulo pa 1 Timoteo 5:8 akuti wosasamalira a m'banja lake wakana chikhulupiriro. M'chaputala chomwecho, pofotokoza za wamasiye wa zaka zosachepera 60 woyenera kulembedwa m'kaundula wa mpingo, pa ntchito zake zabwino akuyamba kutchula kulera ana, kenako ndi pamene akubwera ku kuchereza alendo ndi kusambitsa mapazi a oyera mtima. Choncho kudandaula kwanu kuli ndi poima m'Malemba.

Ineyo, mwana wa mayi wa kanyali amene ndamutchula pamwambapa, ndikuidziwa mbali inayo ya nyaliyo. Unalipo usiku umene ndinali ndi malungo, thupi lonse likunjenjemera. Ndinadzuka ndikuitana amayi, n'kuona msomali uli wokha. Anandifunditsa ndi mchimwene wanga, yemwenso anali mwana. Agogo a ndodo aja, kapena ena onga iwo, analandira chimene ine ndinasowa usiku umenewo. Zonse ziwiri zinachitika, ndipo chimodzi sichifufuta chinzake. Zinanditengera nthawi yaitali kuti ndithe kuzinyamula pamodzi osataya chimodzi.

Musanawayankhe achemwali, khalani nawo pansi muwauze zimene mwandilemberazi. Iwo ndi amene anagona pansi pambali pa bedi lanu, ali mtsikana, atasenza katundu amene anali wa amayi. Mwina ali ndi mkwiyo woposa wanu ndipo sanapeze womuuza. Mwinanso akudziwa zimene inu simukanazidziwa muli mwana: mmene zinthu zinalili m'nyumba, chimene chinkawathamangitsira amayi kutchalitchi, kaya ngati uthenga wa matenda anu unawafikadi tsiku loyamba. Sindikuwaikira kumbuyo amayi anu. Ndikungoti funsani pamene ofunsidwa akadali moyo.

Kenako werengani 1 Samueli 2:19. Hana anasiya Samueli ku Silo atangomuletsa kuyamwa, n'kumakamuona kamodzi pachaka. Koma chaka ndi chaka ankamusokera kamwinjiro n'kupita nako. Posoka ankayenera kuyerekeza m'mutu kuti mwana uja wakula bwanji, manja atalika motani, pamene mwanayo sakumuona. Fufuzani ngati pa moyo wanu panali kamwinjiro kotere, chinthu chimodzi, ngakhale chaching'ono, chimene amayi anachitira inu nokha. Chikapezeka, imani munene chimenecho basi, mawu ochepa koma oona. Mungathe kuwonjezera kuti ife ana awo tinagawana mayi wathu ndi mpingo, ndipo nthawi zina kugawanako kunatipweteka. Mawu amenewo si achipongwe, ndipo amayi achitsikana okhala m'mabenchimo, amene ana awo awasiya kunyumba, adzawamva. Chikapanda kupezeka, auzeni achemwali kuti alankhule wina, inu muwerenge Malemba kapena mungokhala pansi pamodzi ndi banja. Palibe amene ayenera kukukakamizani kutamanda ndi pakamwa pamene mtima sunafike.

Mayi,

Ndife ana aakazi atatu. Amayi anasiya Baibulo limene analigwiritsa ntchito zaka zoposa 40. Chikuto chinathothoka, koma m'mphepete mwa masamba muli zolemba zawo, mayina athu ndi a adzukulu. Aliyense akulifuna, ndipo tayamba kusayankhulana. Akulu athu akuti alipititse kokalimanganso kuti lioneke latsopano. Titani?

*Mzime*

Mwana wanga, choyamba auzeni akulu anu mwaulemu kuti asafulumire. Omanga mabuku kawirikawiri amadula m'mphepete mwa masamba kuti afanane, ndipo m'mphepete momwemo ndi mmene muli zolemba za amayi anu. Musalimatenso ndi selotepi, chifukwa pakapita nthawi imasanduka yachikasu n'kudetsa pepala, ndipo poimatula imanyamula zilembo. Likulungeni m'nsalu yoyera ya thonje, muliike m'bokosi pamalo ouma, osati m'pepala la pulasitiki mmene chinyezi chimatsekeredwa.

Aliyense wa inu ali nalo Baibulo lake, ndiye chimene mukulimbiranacho ndi dzanja la amayi. Dzanjalo lingathe kufika kwa nonse. Sankhani tsiku limodzi, mukhale patebulo limodzi atatu nonse, mutsegule tsamba ndi tsamba, n'kumajambula ndi foni paliponse pamene analemba kapena kudula mzere. Zimene mupeze pakati pa masamba, kaya ndi kalata, kachithunzi kapena kapepala ka nyimbo, zijambuleni zili pomwepo musanazisunthe, chifukwa malo amene anaziika nawonso akunena kanthu. Zithunzizo muwatumizirenso adzukulu, aliyense aone vesi limene agogo analembapo dzina lake. Paulo pa 2 Timoteo 1:5 anamukumbutsa Timoteo kuti chikhulupiriro chake chinayamba mwa agogo ake Loisi ndi mayi ake Yunike, ndipo ana anuwo ali ndi umboni wotere wolembedwa ndi dzanja la mwini wake.

Buku lenilenilo ine ndikanalipereka kwa amene anawadwazika amayi mpaka mapeto, ngati alipo mmodzi wotero. Apo ayi, lizikhala chaka chimodzi kwa aliyense, kuyambira kwa akulu anu. Inu monga mzime ndi amene muyambe kuimba foni, ndipo musayambe ndi funso loti likhale kwa ndani, ingowaitanani kudzajambula. Ntchitoyi idzakutengerani tsiku lonse. Musambe m'manja n'kupukuta bwino musanaligwire, ndipo muyambe ndi masamba olembedwa ndi pensulo, chifukwa ndi amene amafufutika msanga zala zikamawakhudza.